Chipata cha Kutsogolo

Makwacha makumi asanu pachipata,
ndipo andimanga kapepala kofiira padzanja
ngati khanda la kuchipatala.
Ndatsika basi ya ku Bauleni ndi fumbi mpaka m'mano,
fumbi la Okutobala,
koma kuno udzu uli biriwiri
ngati mvula ili ndi chibwenzi mkati mwa mpanda uno.

Wotitsogolera ndi Mutinta, mtsikana wa mawu osalala.
Akuti mwini nyumbayi anakwatira mkazi wa ku Falansa
amene ankalira kwawo usiku uliwonse,
ndiye mwamunayo anam'bweretsera kwawoko pano:
njira zowongoka ngati zolemba ndi rula,
mitengo yometedwa mofanana
ngati ana a sukulu tsiku lotsegulira,
dziwe la makona anayi,
ndi kamwana ka mwala kopanda kabudula
kamene kakhala kakukodza zaka zonsezi osatopa.
Alendo akuseka, mafoni m'mwamba.
Ine ndikuwerenga zigubu zomwe zikanadzaza
pampopi wa kwathu, pomwe mzere umayamba tambala asanalire.

"Maluwa onsewa anabzala ndi mayiyo," akutero Mutinta.

Ndameza malovu.
Dzanja lomwe linabzala ndimalidziwa.
Linali ndi chala chimodzi chachifupi,
nsonga yake inadyedwa ndi sizasi ya mpanda.
Bambo anga, a Yotamu,
ankalowera kuseri, pakachipata ka malata,
njinga akuikankha kuti isalembe mzere pamchenga.
Madzulo ankabwera akununkha ndowe za akavalo
ndi kafungo kena kokoma komwe sitinkakadziwa dzina.
"Kumeneko mtengo suloledwa kuganiza," ankatero.
"Ukangotulutsa nthambi yakeyake, timadula."
Nditafunsa chifukwa cholimira zosadya,
anati, "Mwanawe, ena amadya ndi maso."

M'nyumbamo muli chingwe pakhomo lililonse.
Mipando yosakhalapo munthu,
wotchi yoima pa folo koloko,
mbale zodikira alendo omwe anamwalira kalekale.
Pakhoma pali chithunzi: dona ndi chipewa chake,
agalu awiri, mayina awo olembedwa m'munsi mosamala.
Kumapeto kwenikweni, pomwe felemu yadula,
pali theka la munthu ndi wilibala.
Phewa limodzi, khutu limodzi.
Khutulo ndi langa. Ndi la mwana wanganso.

Ndinabwera nditakonzeka kudana nawo munda uno.
Ndayesetsa.
Koma taonani momwe mpanda uwo wakhotera pakona,
mofewa, ngati mkono wa munthu wogona.
Taonani maluwa oyera aikidwa pomwe dzuwa limathera
kuti aziwalabe ena onse atazima.
Zimenezo sizinabwere pasitima ya pamadzi.
Ndi mmene bambo ankayalira ngakhale tomato pakhonde.

Gulu lapita kukamwa tiyi.
Ndatsalira kuseri kwa dziwe,
komwe mnyamata wa ovolosi akumeta mpanda ndi makina,
nyimbo zili m'makutu.
Ndamukodola.
"Apo mwasiya chotupa, achimwene."
Wayang'ana, waseka, wakonza.
Akuti dzina lake ndi Mulenga, wa ku Chawama,
wagwira kuno miyezi isanu ndi iwiri,
ndipo chithunzi cha m'nyumbamo sanachionepo:
nsapato zake siziloledwa pakapeti.
Ndamuuza za a Yotamu ndi chala chawo.
Wachotsa nyimbo m'makutu.

Kenako, maso uku ndi uku,
wadula kanthambi ka duwa loyera lija,
wakakulunga m'pepala la buledi,
"Ikani m'chikwama, amayi. Musandigwiritse."

Ndatulukira pachipata cha kutsogolo,
mlonda wandipatsa sawatcha.
M'basi tapanikizana anayi pampando wa atatu,
minga ikundibaya ntchafu kudzera m'nsalu,
koma sindinasunthe.
Kunyumba kuli chitini cha penti chobowoka pansi.
Lidzamwa madzi otsukira mbale,
ndipo likafuna kupotoka, lipotoke.